Zikhadabo zikayamba kuda: zimene khansa ndi mankhwala ake zimachita ku zala

Mayi akauzidwa kuti ayamba kulandira mankhwala a khansa, amakonzekera zinthu ziwiri zimene pafupifupi aliyense anamvapo: kuthothoka kwa tsitsi ndi kusanza. Amagula duku latsopano, ndipo achibale amamufunira zakudya zimene mtima wake ungalandire. Koma pakapita mwezi umodzi kapena iwiri, pamabwera china chimene ambiri sachiyembekezera. Zikhadabo zimayamba kuda. Zina zimachita mizere yopingasa, zina zimathetheka, ndipo kwa ena chikhadabo chimamatuka n'kuyamba kutulutsa timadzi tonunkha.

Mutu umabisika ndi duku, koma manja sabisika. Ndi manja omwewo amene mayi amaperekera moni, kulandirira chenji pamsika ndi kuomolera nsima. Anthu amaona, ndipo amayamba kulankhula. Wina amati mankhwala akumuwotcha m'kati. Wina amati magazi aola, matenda afika pothera. Sipalephera wonena kuti walodzedwa. Mawu otere akachuluka, wodwala amatha kujomba tsiku lake la kuchipatala, mwinanso kusiyiratu mankhwala ali pakati. Ngozi yaikulu ili pamenepa. Chikhadabo chikawonongeka chimamera china, koma khansa yosiyidwa panjira imapitiriza kukula.

Amayi a m'mabungwe ndi m'miphakati ndinu amene mumafika pakhomo pa wodwala, kumugwira dzanja ndi kumva zimene saziulula kwa dokotala. N'chifukwa chake n'kofunika mudziwe kusintha kwa zikhadabo kumene kulibe vuto, ndi kumene kukufuna chipatala tsiku lomwelo.

Mankhwala amafika bwanji ku zikhadabo?

Chikhadabo chimene timachiona n'chinthu chouma, n'chifukwa chake sitimva ululu tikamachiwenga. Gawo lamoyo ndi muzu wake, umene unabisika pansi pa khungu patsinde pa chikhadabo. Pamuzupo maselo amaswana usana ndi usiku, ndipo atsopano amakankhira akale kutsogolo. Chikhadabo cha kumanja chimakula pafupifupi mamilimita 3 pamwezi. Cha kumapazi chimachedwa kwambiri, chimangopitirira pang'ono milimita imodzi.

Mankhwala ambiri a khansa, amene kuchipatala amati kemotherapi, anapangidwa kuti azilimbana ndi maselo oswana mofulumira, chifukwa ndi mmene khansa imakulira. Koma m'thupi muli malo ena abwinobwino amene maselo ake amaswananso mofulumira: mizu ya tsitsi, m'kamwa ndi m'matumbo, m'kati mwa mafupa mmene magazi amapangidwa, ndi mizu ya zikhadabo. Mankhwala akamayenda m'magazi amakhudzanso malo amenewa. Choncho chimene chimathothola tsitsi n'chomwecho chimene chimasintha zikhadabo. Kusiyana kwake n'kwakuti zikhadabo zimakula pang'onopang'ono, ndiye zimene zachitika pamuzu lero zimadzaonekera poyera patapita milungu ingapo.

Chithandizo chowotcha khansa ndi makina, chimene amati radiotherapy, n'chosiyana. Icho chimagwira ntchito pamalo okhawo amene makina alozetsedwa. Mayi amene akulandira chithandizochi pakhomo la chiberekero kapena pabere sangawonongeke nacho zikhadabo, pokhapokha ngati akulandiranso mankhwala a m'dilipi kapena akumwa amene amakhudza zikhadabo.

Zimene zimaoneka kawirikawiri

Choyamba ndi kuda. Zikhadabo zimatha kuda zonse, kapena kuchita mizere yakuda yoyenda kuchokera patsinde kupita kunsonga, kapena yopingasa. Zimenezi zimachitika kwambiri kwa ife a khungu lakuda, chifukwa maselo amene amapanga mtundu wa khungu lathu amapezekanso pamuzu wa chikhadabo, ndipo mankhwala amawadzutsa. Nthawi zina zikhatho, mapazi ngakhale lilime zimadanso. Mankhwala odziwika ndi zimenezi ndi doxorubicin, amene odwala khansa ya m'mawere amawadziwa kuti ndi ofiira aja a m'dilipi, komanso cyclophosphamide, bleomycin ndi fluorouracil. Ngakhale zidovudine, mmodzi wa mankhwala a HIV amene ambiri amamutcha AZT, amadetsanso zikhadabo. Kuda kotereku sikupweteka, sikupatsirana, ndipo sikusonyeza kuti magazi aola.

Chachiwiri ndi tingalande topingasa pachikhadabo, tomveka ukasisita ndi chala. Ulendo uliwonse umene wodwala walandira mankhwala, muzu umaima kaye kukula kwa masiku angapo kenako n'kuyambiranso, ndipo pamalo pamene unaimapo pamatsala kangalande. Dokotala wa ku France, Joseph Beau, ndi amene anafotokoza mizere imeneyi mu 1846, ndipo mpaka lero imadziwika ndi dzina lake. Popeza mankhwala ambiri amaperekedwa pakapita milungu itatu iliyonse, mizereyi imatalikirana pafupifupi mamilimita 2, moti munthu akhoza kuwerenga pachikhadabo maulendo amene wodwala walandira mankhwala. Ena m'malo mwa tingalande amachita mizere yoyera.

Chachitatu ndi kufooka kwa chikhadabo. Chimapyapyala, chimathetheka kunsonga, ndipo chimakodwa m'nsalu. Izi n'zosautsa koma si zoopsa, bola chisang'ambike mpaka pamnofu.

Chachinayi, chimene chimavutitsa kwambiri, ndi kumatuka. Chikhadabo chimasiyana ndi mnofu wa pansi pake kuyambira kunsonga. Pansi pake pamatha kuundana magazi, ndipo chala chimawawa ngati chapanidwa ndi chitseko. Kumanga mabatani, kutola ndalama yachitsulo kapena kumasula mfundo ya chitenje kumasanduka ntchito yaikulu. Nthawi zina chikhadabo chimachokeratu. Mankhwala amene amachititsa zimenezi kwambiri ndi docetaxel ndi paclitaxel.

Chachisanu ndi kutupa kwa khungu la m'mbali mwa chikhadabo. Limafiira, limawawa, ndipo nthawi zina pamamera kamnofu kosachedwa kutuluka magazi. Vutoli limabwera kwambiri ndi mankhwala atsopano monga erlotinib ndi cetuximab, koma likhoza kugwera aliyense amene khungu lake lang'ambika.

Mankhwala ovuta kuzikhadabo ndi omwenso amathandiza

Mayina a mankhwalawa si achilendo kwa odwala amene amapita ku Queen Elizabeth ku Blantyre kapena ku Kamuzu Central ku Lilongwe. Mayi wodwala khansa ya m'mawere kawirikawiri amalandira doxorubicin ndi cyclophosphamide, ndipo ambiri amapitiriza ndi paclitaxel kapena docetaxel. Odwala Kaposi sarcoma, khansa imene imabweretsa zotupa zakuda pakhungu makamaka m'miyendo ndipo ndi yofala m'dziko muno, akhala akulandira bleomycin ndi vincristine, kapena paclitaxel.

Kafukufuku wamkulu amene anachitika ku Malawi, Kenya, Uganda, Zimbabwe, South Africa ndi Brazil, ndipo zotsatira zake zinatuluka mu 2020, anapeza kuti kwa anthu amene ali ndi HIV ndi Kaposi yomwe yafalikira, paclitaxel amathandiza kuposa bleomycin ndi vincristine. Choncho mankhwala amene amamatula zikhadabo ndi omwewo amene amagonjetsa bwino nthendayi. Wodwala amene wawathawa chifukwa cha zala amakhala wataya chinthu chachikulu poteteza chaching'ono.

Komanso zikhadabo si muyeso wa mmene chithandizo chikuyendera. Wina zimamudera kwambiri, wina sizisintha n'komwe, koma onse mankhwala n'kumagwira ntchito. Amene anganene ngati khansa ikuchepa ndi dokotala atamuyeza wodwalayo. Ululu ukakula, njira si kujomba. Wodwala apite pa tsiku lake, aonetse zala zake, ndipo adokotala akhoza kumupatsa mankhwala opha ululu, kuchepetsa mlingo, kapena kusuntha tsiku.

Zizindikiro zosafunika kugonera

Chimene chingaphe munthu pa nkhani ya zikhadabo si mtundu wake, koma tizilombo tolowera pabala. Mankhwala a khansa amachepetsa maselo oyera a m'magazi, amene ndi asilikali a thupi. Asilikaliwa amachepa kwambiri pakati pa tsiku la 7 ndi la 14 kuchokera pamene wodwala walandira mankhwala. Pamasiku amenewa kabala kakang'ono ka pachala kakhoza kulowetsa tizilombo m'magazi, ndipo munthu amene anadzuka bwino m'mawa akhoza kukhala ali kayakaya pofika usiku.

Wodwala apite kuchipatala tsiku lomwelo ngati chala chikutuluka mafinya kapena timadzi tonunkha, ngati chatupa, chikutentha ndi kugunda, ngati kufiira kapena ululu ukukwera kulowera kudzanja kapena kuphazi, kapena ngati magazi akukanika kusiya kutuluka. Koposa zonse, thupi likatentha kufika madigiri 38, kapena wodwala akamanjenjemera ndi kuzizidwa, asadikire kuti kuche. Kwathu kuno thupi likatentha timafulumira kunena kuti ndi malungo, n'kumwa Panado ndi kugona. Akhoza kukhaladi malungo, koma kwa munthu amene ali pa mankhwala a khansa zimenezi azigamule ndi achipatala. Panado amangobisa kutentha pamene tizilombo tikuchulukana. Atenge buku lake la kuchipatala, ndipo akangofika anene kuti akulandira mankhwala a khansa ndi tsiku limene analandira komaliza.

Mayi amene anachitidwa opaleshoni ya bere n'kuchotsedwa anabere a m'khwapa asamale kwambiri dzanja la mbali imeneyo. Dzanja limenelo silichedwa kutupa, ndipo bala la pachala likhoza kuyambitsa kutupa kwa mkono wonse kumene kumavuta kuphwa. Odwala matenda a shuga nawonso aziyang'anitsitsa zala zawo za kumapazi.

Palinso dzanzi. Vincristine ndi paclitaxel amatha kufoola minyewa ya kunsonga za zala, moti munthu amatha kupsa ndi poto kapena kulasidwa ndi minga osamva. Amene wayamba kumva dzanzi auze adokotala, ndipo madzulo aliwonse aziyang'ana manja ndi mapazi ake powala.

Kusamala zikhadabo pakhomo

Ntchito zambiri za mayi zimadutsa m'zikhadabo: kuchapa, kukwecha mapoto, kutong'ola chimanga, kusenda mtedza, kusadzula nkhwani, kupalira. Madzi ndi sopo zimafewetsa chikhadabo chofooka kale, ndipo dothi limalowa pansi pa chimene chamatuka. Amene angapeze magolovesi a labala azivala pochapa ndi potsuka mbale, ndipo akavula aziumitsa manja. Ngati palibe, ntchito za m'madzi ndi zam'dothi apatse ena mpaka zikhadabo zitalimba.

Zikhadabo zikhale zazifupi. Aziwenga akangotha kusamba pamene zili zofewa, ndi kachida kowengera kake yekha, osati lezala kapena mpeni, chifukwa nthawi imeneyi magazi amachedwa kuundana. Za kumapazi aziwenga mowongoka, osakumba m'makona. Asamalume zikhadabo kapena kuzula ndi mano tizikhungu tosupuka m'mbali. Kakhungu ka patsinde pa chikhadabo asakadule kapena kukakankha, chifukwa ndi kamene kamatsekera tizilombo kuti tisafike pamuzu.

Akatha kusamba m'manja azipaka mafuta osanunkhira monga Vaseline pazikhadabo ndi khungu lozungulira, makamaka pogona. Nsapato zikhale zosathina kutsogolo, ndipo pakati pa zala za kumapazi pazikhala pouma.

Chikhadabo chikamatuka, asachizule. Angowenga mbali imene yalekana ndi mnofu kuti isakodwe, atsuke ndi madzi aukhondo ndi sopo, aumitse, ndipo amange ndi bandeji kapena kansalu koyera. Asatokose pansi pake ndi kamtengo ka machesi kapena singano. Asathirepo phulusa, mankhwala otsukira mano, mafuta a galimoto kapena masamba osinja. Zinthu zoterezi zimapsereza mnofu ndi kulowetsa dothi.

Zikhadabo zomata za ku saluni azipewe pa nthawi yonse ya chithandizo, chifukwa zimasunga chinyezi ndi tizilombo, ndipo pozichotsa zimasupula chikhadabo chenicheni. Amene akufuna kupaka Cutex kuti abise kuda afunse kaye anamwino, ndipo asapake pachikhadabo chomatuka kapena chotupa. Popita kuchipatala ndi bwino zala zikhale zosapaka, popeza achipatala amayang'ana mtundu wa zikhadabo pofuna kudziwa ngati magazi achepa, ndipo kachida kamene amapanitsa pachala poyeza mpweya wa m'magazi kamatha kusokonezeka ndi utoto wakuda.

M'zipatala zina kunja wodwala amavekedwa magolovesi ozizira kwambiri pa nthawi imene dilipi ya docetaxel ikulowa, kuti magazi onyamula mankhwala asafike ambiri kuzala. Kafukufuku wa ku France wa mu 2005 anasonyeza kuti njirayi imachepetsa kuwonongeka kwa zikhadabo. Koma imagwira ntchito pa nthawi ya dilipi yokha, ndipo si yoyesera kunyumba.

Palibe mapiritsi kapena chitsamba chimene chingameretse zikhadabo msanga. Chimene thupi likufuna ndi chakudya chomanga: nyemba, nsinjiro, usipa, mazira ndi ndiwo zamasamba. Mankhwala ena alionse, azitsamba kapena ogula, wodwala awatchule kwa adokotala asanayambe kumwa.

Pamene chikhadabo ndicho chikuchenjeza

Zonsezi zikukhudza munthu amene ali kale pa chithandizo. Koma nthawi zina chikhadabo chimasintha munthu asanadziwe n'komwe kuti akudwala, ndipo chimakhala chenjezo loyamba.

Anthu akuda ambiri ali ndi timizere takuda pazikhadabo zingapo, makamaka akamakula, ndipo timeneti tilibe vuto. Chofunika kuchiyang'anitsitsa ndi mzere wakuda umene wayamba kumene pachikhadabo chimodzi chokha, makamaka cha chala chachikulu cha kudzanja kapena kuphazi, umene ukukulirakulira m'lifupi, uli ndi mitundu yosakanikirana, kapena kuda kwake kwatulukira pakhungu la patsinde. Chimodzimodzi chikhadabo chimene chikung'ambika chokha, kutuluka magazi, kapena chili ndi bala losapola. Imeneyi ikhoza kukhala khansa ya pakhungu yotchedwa melanoma. Kwa anthu akuda khansayi si yofala, koma ikabwera imakonda kuyambira kuphazi, pachikhatho kapena pansi pa chikhadabo.

Woimba wa ku Jamaica, Bob Marley, anapezeka ndi khansa imeneyi mu 1977 pansi pa chikhadabo cha chala cha kuphazi. Poyamba ankaganiza kuti ndi bala la kumpira. Khansayo inafalikira m'thupi, ndipo iye anamwalira mu 1981 ali ndi zaka 36. Njira yosiyanitsira ndi iyi: magazi oundana chifukwa chopunthwa amasuntha kupita kunsonga pamene chikhadabo chikukula, ndipo patsinde pamayera. Kuda kumene sikusuntha, kapena kukukula, kukaonetsedwe kuchipatala. Ikapezeka msanga, melanoma imachotsedwa ndi opaleshoni. Chinanso chokaonetsa ndi chotupa chonga njerewere m'mbali mwa chikhadabo chimene chakhala miyezi osatha.

Chizindikiro china ndi kufufuma kwa nsonga za zala, chikhadabo n'kupindikira pansi ngati msana wa supuni. Mukhoza kudziyeza motere: gunditsani zikhadabo za zala ziwiri zolozera, msana ndi msana. Kwa munthu wabwinobwino pamaoneka kampata kakang'ono pakati pake cha kutsinde. Zala zikafufuma, kampatako kamatsekeka. Njirayi inafotokozedwa mu 1976 ndi dokotala wa ku South Africa, Leo Schamroth, amene anaona kusinthaku pazala zake zomwe. Kufufuma kotere kumabwera ndi khansa ya m'mapapo, komanso ndi TB yokhalitsa, matenda a mtima ndi a chiwindi. Munthu wotere, makamaka ngati akutsokomola kapena kuwonda, akayezedwe.

Zikhadabo zotuwa, kapena zolowa pakati moti dontho la madzi lingakhazikikepo, zimasonyeza kuchepa kwa magazi. Zifukwa zake n'zambiri: pakati, njoka za m'mimba, chakudya chosakwanira. Koma ngati mayi wa zikhadabo zotere akutayanso magazi pakati pa msambo, akatha kukhala malo amodzi ndi bambo, kapena atasiya kale kusamba, asakhutire ndi mapiritsi owonjezera magazi okha. Akayezetse khomo la chiberekero. Khansa ya khomo la chiberekero ndi imene imagwira amayi ambiri m'Malawi kuposa khansa ina iliyonse, ndipo imachizika ikapezeka msanga.

Mbali ya amayi anzake

Pokazonda wodwala timazolowera kunyamula ufa, shuga ndi sopo. Kwa mayi amene zikhadabo zamatuka, mphatso ina yofunika ndi manja anu. Gawanani masiku: wina adzachape, wina adzakweche mapoto, wina adzatong'ole chimanga, makamaka pa mlungu wachiwiri atalandira mankhwala. Bungwe likasonkha kangachepe, magolovesi, botolo la Vaseline, kachida kowengera zikhadabo ndi choyezera kutentha kwa thupi ndi zinthu zotsika mtengo zimene zingamuteteze. Kambiranani pasadakhale kuti thupi likatentha usiku, ndalama ya thiransipoti idzachokera kuti ndipo adzamuperekeza ndani.

Musaope kumupatsa moni wa m'manja kapena kudya naye mbale imodzi. Khansa sipatsirana, ndipo zikhadabo zakuda sizipatsirana. Ingosambani m'manja musanakhudze chala chimene chili ndi bala, ndipo musapane dzanja mwamphamvu. Amene ali ndi chimfine kapena chifuwa adikire kaye achire asanakamuone.

Mukamva mphekesera, iyankheni ndi zimene mukudziwa. Ndipo wodwala akafunsa ngati zala zake zidzabwerera mwakale, muuzeni zoona: kwa ambiri zimabwerera, koma pang'onopang'ono. Chikhadabo cha kumanja chimatenga pafupifupi miyezi 6 kuti chimere chonse chatsopano, ndipo cha chala chachikulu cha kuphazi chimatenga miyezi 12 mpaka 18. Kwa ochepa kuda kumakhalitsa kuposa pamenepo, kapena chikhadabo chimamera chokhakhala pang'ono. Pakapita miyezi iwiri kapena itatu atamaliza mankhwala, muuzeni ayang'ane patsinde. Pamenepo ndi pamene chikhadabo chatsopano chimayambira kuoneka, chosalala, chikukankhira chakudacho kunsonga kumene adzachiwenge n'kuchitaya.